Ndawapeza Bambo Anga pa Tsamba la Maliro

Aphungu,

Kalatayi ndikulembera m'galimoto, panja pa kuntchito kwanga, chifukwa kunyumba nkhani imeneyi anthu anatopa nayo. Inenso ndatopa nayo, kungoti sikundichoka.

Ndine mayi wa zaka 45, kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinabwera kuno ku Amereka mu 2004, ndipo ndimakhala ku Lawrence ndi amuna anga, a Shadrick, ndi mwana wathu Tiffany wa zaka 16. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba.

Bambo anga, a Hamilton Makwinja, anachoka ku Malawi mu 1972 kudzaphunzira kuno ku Indiana. Ine ndinali ndisanayambe n'kuyenda komwe. Ananena kuti pakatha zaka zinayi abwerera. Makalata ankabwera mpaka 1975, kenako zii. Mayi anga sanakwatiwenso. Amuna atatu anabwera kudzawafunsira, onse anawabweza ndi mawu amodzimodzi: "Amuna anga ali ku sukulu." Pano ali ndi zaka 68, koma mlendo akawafunsa amayankhabe choncho.

Tsiku limene ndinkanyamuka kubwera kuno, mayi anandipatsa envelopu ya kalata yomaliza ija. Anati, "Sindikukutuma kuti ukawabweretse ayi. Ukangondiuza komwe ali."

Zaka zoyamba ndinalibe mpata, ndinkachoka shifiti iyi kulowa ina. Ndinafunsako achikulire achimalawi a ku South Bend, mzinda wa kumpoto kwa Indiana, amene anabwera kalekale, koma palibe amene ankawadziwa. Pa intaneti dzinalo silinkatuluka. Mu 2013 mayi anagonekedwa m'chipatala ndi shuga, ndipo m'pamene mantha anandigwira kuti angapite ndisanawayankhe.

Chidindo cha positi pa envelopu ija chinali cha katauni kena kakang'ono kufupi ndi South Bend. Mnzanga wina wakuntchito, mzungu wokonda kufufuza za makolo ake, anandiuza kuti timatauni totere tinkakhala ndi nyuzipepala yotuluka kamodzi pa sabata, ndipo munthu akamwalira ankamulemba zonse: komwe anabadwira, makolo ake, ntchito yake, ndi anthu amene wawasiya. Nyuzi zakalezo anazijambula pa timafilimu timene umawerengera pa makina ku laibulale.

Kuyambira pamenepo, Lachinayi, lomwe ndi tsiku langa lopuma, linasanduka la maliro. Nyuzi za zaka zina ndinkazipeza ku laibulale yaikulu ya m'tauni muno mu Indianapolis. Zina kunalibe, ndiye kunali kudraiva maola atatu kupita kukatauniko, maola atatunso kubwerera. Aphungu, ndawerenga imfa za anthu osawadziwa kwa zaka zitatu. Alimi, aphunzitsi, makanda a masiku awiri. Kuntchito ndimasambitsa anthu amene atsala pang'ono kutisiya, tsiku lopuma n'kumawerenga za amene anatisiya kale. Maso anayamba kuwawa mpaka pano ndimavala magalasi. Ndinachoka pa 1975 kukafika pa 2000, Makwinja osamupeza.

Mayi wina wachikulire wogwira ntchito pa laibulale ya kukatauniko ndi amene anandimvera chisoni, ataona ndatsamira makina aja ngati wodwala. Anati, "Anthu ochokera kunja ankasintha maina, pena olemba ankalakwitsa. Siyani kuwerenga maina. Muziwerenga komwe munthu anabadwira."

Ndinayambiranso pachiyambi. Mwezi wa Malichi chaka chino, ndili pa nyuzi ya Okutobala 1989, diso langa linagwa pa mawu akuti Nyasaland. Pamwamba pake panalembedwa kuti Hamilton McQuinn, zaka 43. Tsamba limeneli ndinali nditalidutsa kale chaka chatha osaimapo. Linati anabadwa mu 1946, mwana wa Lyson ndi Esnart, omwe ndi maina a agogo anga. Ankagwira ntchito mu fakitale ya makalavani, timanyumba tokokedwa ndi galimoto, ankaimba kwaya ku tchalitchi, ndipo anamwalira ndi nthenda ya mtima. Kumapeto kwake linati wasiya mkazi wake Belinda, mwana wamwamuna Lucious, ndi mwana wamkazi Chrissie, onse a pakhomo pomwepo.

Aphungu, Chrissie ndi dzina langa. Anandipatsa ndi iwowo. Koma amene akunenedwa apayu si ine, ndi mwana wina amene anabadwira kuno. Ine ndi mayi anga pa tsambalo palibepo.

Sindinalire. Ndinapulinta pepalalo, ndinathokoza mayi a pa laibulale aja, n'kuyenda ulendo wonse wobwerera osayatsa wailesi. Ndinkaganiza kuti ndikadzawapeza ndidzapepukidwa. M'malo mwake ndimadzuka ndili wotopa kuposa mmene ndinagonera.

Amuna anga atawerenga anati, "Mayi a Tiffany, mwapeza chimene mumafuna. Munthuyo anamwalira, anthu akewo ali ndi moyo wawo. Tsopano bwererani pakhomo pano, ifenso tilipo." Sindingawatsutse, chifukwa zambiri za mwana wanga zandidutsa ndili m'misewu. Koma Tiffany, yemwe Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, anatenga pepalalo ndipo pasanathe mphindi khumi anali atawapeza ana awiri aja pa Facebook. Chrissie winayo amakhala ku South Bend, ndipo ali ndi mpata wa mano ngati wangawu. Tiffany akufuna kumutumizira meseji. Ndamuletsa, koma sindikudziwa kuti andimvera mpaka liti.

Chimene chikundidya kwambiri ndi ichi. Mayi ndimayankhula nawo Lamulungu lililonse, ndipo tisanadule foni amafunsa kuti, "Nanga uko, palibe chomwe wamva?" Ine n'kumati, "Ndikufufuzabe, amayi." Miyezi iwiri tsopano ndikuwanamiza. Ndikawauza kuti anamwalira zaka 27 zapitazo ali ndi mkazi wina, ndi shuga wawoyo, ndiwapha ndine. Ndikapanda kuwauza, adzapita akudikirabe.

Ndiwauze kapena ndikhale chete? Nanga abale angawa ndiwafikire, kapena ndiwasiye momwe alili? Ndipo ndithandizeni kumvetsa: bambo anapereka dzina langa kwa mwana wina chifukwa ankandikumbuka, kapena ankafuna kundifufuta?

C.M.
Lawrence, Indianapolis

*

Mayi C.M.,

Choyamba, pepani. Bambo anu anamwalira mu 1989, koma kwa inu amwalira mwezi wa Malichi chaka chino. Kutopa mukunenako si ulesi kapena matenda, ndi maliro amene simunawalire. Maina a m'kalata yanu ndawasintha onse, ndangosunga kufanana kwake, chifukwa sindikufuna mayi anu amve nkhaniyi kudzera kwa munthu wowerenga danga lino.

Tiyambe ndi pepala muli nalolo. Uthenga wa maliro wa m'nyuzi ndi chuma kwa munthu wofufuza makolo, koma si chikalata cha boma. Amaulemba mothamanga, pasanathe tsiku limodzi kapena awiri munthu atamwalira, ndipo wolembayo amangotenga zimene wauzidwa ndi wamasiye amene mutu wake sukugwira. Choncho pepalalo likukuuzani zimene mayi Belinda ankadziwa, kapena zimene anatha kunena sabata imeneyo. Silikukuuzani zimene zinali mumtima mwa bambo anu. Mwina sanawauze za inu. Mwina anawauza, iwo n'kusankha kusatchula. Musaweruze mlandu wonse ndi mizere khumi ya m'nyuzi.

Maina a Lyson ndi Esnart akundipangitsa kukhulupirira kuti ndi iwodi. Komabe musanagwedeze mabanja awiri, tsimikizani. Pemphani chikalata cha imfa ku ofesi ya zaumoyo ya dera limene anamwalirira. Akufunsani umboni woti ndinu mwana wawo, ndiye konzani mapepala anu obadwira kapena a ubatizo, ndipo muwafotokozere za kusintha kwa dzina. Ku ofesi yolembetsa maukwati ya dera lomwelo mungapezenso fomu imene anadzaza pokwatira, ndipo nthawi zambiri pamakhala maina a makolo ndi komwe munthu anabadwira. Werenganinso uthenga wa malirowo mpaka pansi. Kawirikawiri amatchula manda ndi kampani imene inayendetsa mwambo, ndipo makampani otere ambiri amasunga mafayilo akale. Zonsezi n'zotheka pa foni ndi pa positi. Simukufunikanso kubwerera ku makina aja.

Mukadziwa manda, pitani. Kumanda a bambo anu simupempha chilolezo kwa munthu. Koma musapite nokha. Tengani a Shadrick ndi Tiffany, amuna anu ndiwo adraive. A Shadrick sakudana ndi bambo anu, akungofuna mkazi wawo abwerere, ndipo adikira mokwanira. Aloleni alowe nawo m'nkhaniyi m'malo moionera patali.

Za mayi anu, yankho langa ndi lakuti auzeni. Anakutumani chinthu chimodzi, chakuti muwauze komwe amuna awo ali, ndipo tsopano mukukudziwa. Ndikukayikanso ngati mayi wa zaka 68 akukhulupiriradi kuti munthu angakhale ku sukulu zaka makumi anayi. Mawu amenewo ndi chovala chimene anadzifunditsa kuti anthu asawaone maliseche. Mkati mwawo mayankho onse anawaganizira kale, ndipo chimene akusowa ndi munthu woti awatsimikizire kuti apume.

Koma kauzidwe kake ndi kofunika. Isakhale foni wamba ya Lamulungu, iwo ali okha m'nyumba. Yambani mwayankhula ndi munthu mmodzi wamkulu wa kubanja amene amasunga pakamwa, kaya malume anu kaya mayi aang'ono, kuti tsikulo akakhale nawo pafupi. Likhale dzuwa lili pamutu, atadya ndiponso atamwa mankhwala awo. Ngati mungathe kupeza tchuthi n'kukanena nokha maso ndi maso, ndi bwino koposa, koma musazengereze chaka chathunthu podikira ulendo. Nenani za imfa kaye: anamwalira liti, ndi chiyani, anaikidwa kuti. Za mkazi ndi ana dikirani afunse okha. Adzafunsa ndithu, mwina tsiku lomwelo, mwina patapita sabata. Akafunsa musaname. Ndipo akafuna kuchita mwambo wa maliro kumudzi, athandizeni, chifukwa umasiye wawo sunalemekezedwepo ndi munthu aliyense.

Abale anuwo muli ndi ufulu wowafikira, koma mayi anu akhale oyamba kudziwa. Ikafika nthawiyo, isakhale meseji ya pa Facebook yochokera kwa mtsikana wa zaka 16, komanso musakagogode pakhomo pawo. Muuzeni Tiffany chifukwa chake, osangomuletsa, ndipo mumulonjeze kuti akuthandizani kuwalembera kalata m'Chingerezi. Ikhale kalata ya papepala, yaifupi, yopita kwa mmodzi yekha mwa anawo, osati kwa mayi Belinda. Munene kuti ndinu ndani, munabadwa liti ndiponso kuti, muikemo fotokope ya envelopu ija kuti aone kalembedwe ka bambo awo, ndi nambala yanu. Mutchule mosabisa kuti simukufuna katundu kapena kuimba munthu mlandu. Kumbukirani kuti iwo bambo anawamwalira ali ana, ndipo kalata yanu ikawasinthira munthu amene akhala akumulira moyo wawo wonse. Apatseni nthawi, ngakhale miyezi.

Funso lanu lomaliza sindingaliyankhe, ndipo ndikanakhala wabodza ndikanati ndikudziwa. Chimene ndinganene n'chakuti munthu wofuna kuiwala mwana sasankha dzina loti azidzaliitana pakhomo m'mawa uliwonse. Koma kukumbuka mwana sikufanana ndi kumulera. Bambo anu anakulakwirani, inu ndi mayi anu, ndipo mukhoza kuwakwiyira n'kuwalira nthawi imodzi. Ngati pali wamoyo amene akudziwa za dzinalo, ndi mayi Belinda, ndipo mwina tsiku lina adzanena, mwinanso ayi.

Chenjezo langa ndi ili. Musalembe kalatayo muli ndi chiyembekezo choti anthuwo akubwezerani bambo. Akhoza kukulandirani ndi manja awiri, akhoza kuyankha mzere umodzi wozizira, akhozanso osayankha n'komwe. Zikatero musalembe yachiwiri ndi yachitatu, ndipo musakaike nkhaniyi pa gulu la WhatsApp la Amalawi pofuna okumverani chisoni, chifukwa idzafika ku Ntcheu ndi ku South Bend itapindika. Kukhala chete kwawo sikudzasintha kuti ndinu mwana woyamba wa a Hamilton. Zimenezo sizidikira chilolezo cha munthu, ndipo sizifunikanso kuti nyuzi iliyonse izilembe.

Phungu wanu