Chipepeso pa Imfa ya Sarijento Felisberto, Mwini Lamulo la Kapulana

Kwa mayi Hortência, akazi a malemu, kwa ana ndi abale onse ku Chiuaula, ndi kwa anthu a mumzinda wa Lichinga:

Bungwe la Asilikali Ovulala Okwera Mapiri mu Niassa lalandira ndi chisoni chachikulu uthenga wakuti a Sarijento Felisberto Délcio, amene analiyambitsa, atisiya Lachiwiri m'mawa, patangopita masiku khumi chitsikireni phiri lina la ku Chimbonila. Mtsogoleri wa bungweli, a Dawudi Mahamudo, akanakonda kulemba kuti imfayi yabwera modzidzimutsa, monga amanenera anthu pa maliro, koma iwo anaiona ikubwera. Bungwe linapempha banja kuti asilikali amene malemu anawadzutsa aloledwe kunyamula bokosi lawo, ndipo nkoyenera kuti anthu adziwe yankho lake ndi chimene chinalibala.

A Felisberto anabwerako ku nkhondo ya ku Cabo Delgado m'chaka cha 2021 mwendo wakumanzere utadulidwa m'munsi mwa bondo. Ena akanakhala pakhonde n'kumawerenga galimoto zodutsa, koma iwo anapeza zingwe ziwiri zakale, nayamba kuyenda khomo ndi khomo ku Assumane ndi ku Chiuaula, kutulutsa m'nyumba amuna amene anali atasiya kusamba, kumeta, ngakhale kuyankha moni wa ana awo. M'zaka zitatu anafikitsa pamwamba pa mapiri asilikali makumi anayi ndi awiri, ena osaona, ena a dzanja limodzi monga a Dawudi, ena amene bala lawo linali m'mutu. Anawaphunzitsa kumanga mfundo ndi mano, kumva mwala ndi chikhatho, ndi kukhulupiriranso mnzawo wogwira chingwe. Mabanja ambiri mu Lichinga muno ali ndi bambo lero chifukwa cha iwo.

Komabe sanali munthu wofatsa, ndipo bungwe silingawanamizire kufatsa kumene analibe. Mankhwala awo anali manyazi. Pokwera ankafuula ali kutsogolo kwa chingwe kuti, "Kumbuyoko kuli bwanji?" ndipo aliyense ankayenera kuyankha mwachisilikali kuti, "Firime!", kunena kuti ndili nganganga. Wobwerera panjira ankamuveka kapulana, nsalu yofiira ya maluwa achikasu imene a Sarijento anaitenga m'sutikesi ya akazi awo osapempha, ndipo ankatsika nayo chivalire mpaka pamsewu, anzake akumuimbira nthungululu. Amuna a ndevu zawo analira m'nsalu imeneyo. A Dawudi anaivala kawiri chaka choyamba, ndipo sanaiwale.

Loweruka la ulendo wotsiriza, a Dawudi ndiwo anamangidwa pachingwe kumbuyo kwenikweni kwa a Sarijento. Asanafike pakati pa phiri anaona kuti buluku la a Sarijento lanyowa pa bondo, pamene mwendo woikirira umagwira mnofu, ndipo sikunali kunyowa kwa thukuta. Mphepo itawomba kuchokera kumtunda anamva fungo limene msilikali aliyense wogonapo m'chipatala amalidziwa. A Sarijento anaima, natsamira mwala, natembenuka nkhope ili mbuu.

"Dawudi," anatero motsitsa mawu kuti ena asamve, "lero phirili latalika."

Apa pankangofunika kunena kuti tiyeni titsike. Koma a Dawudi anakumbukira nthungululu zija, napisa dzanja m'chikwama, natulutsa nsonga ya nsalu yofiira kuti onse aione, nafunsa mkulu wawoyo mokweza mawu.

"Shefi, mwatopa? Tikuvekeni? Ikukhalani bwino, pajatu ndi yakwanu komwe."

Onse anafa nako kuseka. A Sarijento anayang'ana nsaluyo, nayang'ana kumtunda, nafuula, "Firime!" Anakwera maola ena atatu pa chilonda chimenecho, natsika maola anayi. Kunyumba sananene kanthu, ndipo anakana chipatala mpaka Lachisanu pamene anawanyamula atakomoka. Madokotala anati chilondacho chinali chitawononga kale magazi.

Dzulo mamembala anapita kusiwa ndi pempho lawo lija. Mayi Hortência anawamvera ali pamphasa, kenaka anafunsa kuti, "Anali kumbuyo kwa amuna anga pachingwe ndani?"

"Ndinali ine, mayi," anayankha a Dawudi.

"Simunaone kanthu?"

"Ndinaona."

"Ndiye munati chiyani?"

A Dawudi anawauza mawu onse, osachotsapo ngakhale amodzi. Mayiwo sanalire, ndipo kukanakhala kopepuka akanalira. Anangofunsa kuti nsalu yawo ija ili kuti, koma a Dawudi ataitulutsa ndi kuipereka mwaulemu, iwo sanatambasule dzanja.

"Bokosi munyamula," anatero, "pakuti amuna anga akanafuna choncho. Koma inu, bambo Dawudi, simuligwira. Muvale nsaluyi, muyende pambuyo pa onse kuchoka pano mpaka kumanda, ndipo aliyense wokufunsani kuti muli bwanji mumuyankhe kuti firime."

Bungwe lavomera chigamulochi popanda kudandaula, ndipo likulengeza kuti lamulo la kapulana latha, kotero kuti kuyambira tsopano wonena kuti phiri latalika adzatsika ndi anzake onse. Tikudziwa kuti kusinthaku kwachedwa ndi masiku khumi, ndiponso kuti sikungabweze bambo pakhomo.

M'malo mwa mamembala onse, amene ambiri a iwo akuyenda lero chifukwa cha nkhanza ndi chikondi cha munthu mmodzi yemweyo, tikupepesa mayi Hortência, ana ndi abale, ndipo tikupempha Mulungu kuti awapatse mphamvu zenizeni, zolola munthu kulira ndi kunena kuti kukuwawa, osati zimene ife tinkaphunzitsana paphiri. Mzimu wa a Sarijento uuse mumtendere.

Mwambo woika maliro uyamba mawa Lachinayi m'mawa kunyumba ya malemu ku Chiuaula. Amene aone mwamuna wa dzanja limodzi atavala nsalu yofiira kumapeto kwa mzere asamumvere chisoni, ndipo amene akufuna kumufunsa kuti ali bwanji, amufunse.

Dawudi Mahamudo
Mtsogoleri, Bungwe la Asilikali Ovulala Okwera Mapiri mu Niassa
Lichinga