Masiku Makumi Awiri ndi Asanu ndi Limodzi a Duane

Brookings, South Dakota
17 Malichi 2023

Masiku amene Duane anagona m'nyumba mwanga:
2020: 9
2021: 6
2022: 11
Onse pamodzi: 26
Masiku amene iye anauza boma: 190 chaka chilichonse, onse pamodzi 570
Msonkho umene Minnesota ikufuna: $12,635
Chindapusa: $2,870
Zonse: $15,505

Wokondedwa mwana wanga Jolene,

Uli bwanji kumeneko ku Anchorage? Nanga amuna ako, msana uja unasiya? Ine ndilipo, koma sindili bwino. Zilembo zokhotazi usadabwe nazo, ndikulemba ndi dzanja lamanzere.

Nkhani ndi ya mlongo wako Duane. Ukudziwa kuti woyendetsa thiraki yodutsa m'madera ambiri amakhoma msonkho wa pa malipiro ake kudera kumene amakhala basi. Kuno tilibe msonkho umenewo. Ku Minnesota, kumene ali ndi nyumba, mkazi ndi galu, ulipo. Ndiye zaka zitatu zapitazi wakhala akulemba kuti kwawo ndi kuno. Makalata ake ankafikira m'bokosi langa, ine n'kumangomusungira osafunsa.

A msonkho kumeneko anamutulukira. Akuti abweretse umboni pofika pa 27 Malichi woti ankagonadi kuno masiku opitirira theka la chaka.

Anabwera Lachiwiri masana ndi pepala loti ndisaine molumbira. Anayamba wadya keke ya maapozi, zidutswa ziwiri, akuseka. Akuti amayi, inu munali aphunzitsi a masamu zaka 34, kuwonjezera ziro mmodzi kungakuvuteni? Ndinamuyankha kuti ngakhale nditawonjezera ziro pa 6, apeza 60, ndipo n'chifukwa chake ankalephera mayeso anga.

Ndinatsegula dilowa kuti ndimuonetse makope anga aja, momwe ndimalemba aliyense wogona m'nyumba muno. Atangowaona nkhope inasintha. Anati a msonkho akawaona, thiraki yake ipita. Anati ndine nkhalamba yowerenga nyemba m'mbale, ndipo ndinawerenga ngakhale mpweya wa bambo ake pamene ankamwalira.

Ndinagwira makopewo. Iye anakankha dilowa ndi bondo zala zanga zili m'kati. Ndinamva kuthyoka kawiri. Nditakuwa anandimenya khofi kumaso, magalasi anasweka, dzino linagwera pansi pa tebulo. Anandikoka tsitsi mpaka pakhomo la khitchini, akukalipa kuti ndisaina lero lomwe, kaya ndi mano. Kenako anatsegula mbaula ya nkhuni n'kuponyamo makope onse atatu.

Atawerama kuti asonkhezere moto, ndinatenga fosholo yochotsera chipale chofewa imene imakhala kuseri kwa chitseko.

Jolene, apa ndi pamene ndikufuna undimve bwino. Ndinamumenya katatu. Koyamba anagwada. Kachiwiri anagwa chafufumimba, khutu litang'ambika, magazi akuyenderera pansi. Pamenepo zinali zitakwana. Kachitatu ndinamumenya chifukwa ndinkafuna kutero, ndipo ndinasankha pomenya. Mwana amene ndinamubereka ndekha.

Mayi Odegaard oyandikana nawo nyumba ndi amene anatitengera kuchipatala, tonse awiri m'galimoto imodzi, iye kumbuyo atagwira thaulo kumutu. Panjira mayi Odegaard anangoti mipando yawo ndi yatsopano, tisamale.

Adokotala atafunsa, ndinati tinaterereka pa madzi oundana pakhonde. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analemba. Kuchokera pamene ndinakula sindinanamepo pa pepala la munthu. Tsopano bodza langa lili m'faelo.

Dzulo Duane anaimba foni. Sanapepese, inenso sindinapepese. Akuti abweranso Lachisanu pa 24 ndi pepala lina, ndipo poti makope anapsa, palibe amene angatitsutse. Akuti dzanja lamanzere nalonso limasaina.

Sindisaina. Koma ndikuopa kukhala naye ndekha m'khitchini muja. Sindikuopa iye yekha ayi, ndikudziopanso ine.

Chonde bwera. Ndege ya Lachinayi ndi $612, ndikubwezera tsiku lomwelo. Ubwere ndi makalata amene ndimakulembera mwezi uliwonse, chifukwa m'menemo ndimatchula aliyense amene anandichezera. Sindikufuna kuwapereka ku boma. Ndikufuna uwaike patebulo pamaso pake, aone kuti 26 sanapse, kenako tikhale pansi atatu tione momwe angalipirire pang'onopang'ono. Ndili ndi $4,100 kubanki. Ndimupatsa zimenezo, koma osati dzina langa.

Mulungu akusunge paulendo. Undiperekere moni kwa amuna ako ndi apongozi ako. Za fosholo usawauze.

Zala zothyoka: 2
Dzino: 1
Makope opsa: 3
Malo osokedwa pamutu pa Duane: 14
Mabodza anga: 1
Masiku otsala: 7
Ana anga: akadali 2

Ndine mayi ako,
Verna Tollefson