Dzina la Don Ovidio

Cali, 9 Ogasiti 2019

Okondedwa achemwali Dioselina,

Ndiye foni inaduka ndisanamalize. Ndimati makina amene ndimasamala pakampani pano ndi amene amatumiza mapulogalamu atsopano kumasitolo athu a mankhwala mazana atatu. Ine kungoyetsemula, Colombia yense agona ndi mutu. Ine yemwe uja munkati sukulu inandikana!

Makinawa satumiza kanthu popanda dzina la wovomereza. Zaka zonsezi dzinalo linali la Don Ovidio, amene ankawasamala ine ndisanabwere. Anamwalira zaka zinayi zapitazo, nkhalamba ya mano awiri, koma Lachiwiri lililonse pakompyuta pankatulukabe kuti "Ovidio wavomereza." Tinazolowera, mpaka anzanga ankawaikira kakapu ka khofi padesiki pawo.

Abwana atsopano, Doña Marleny, anati wakufa savomereza ntchito, ndifufute dzinalo. Nditangofufuta, zonse zinaima, mafoni a kumasitolo kulira ngati pamaliro. Anati zikapanda kuyenda pofika masana, nditenge chipewa changa ndizipita. Ndiye ndinalowetsa dzina langa pomwe panali lawo, zonse n'kuyenda. Pomwepo ndinaona kamzere kamene Don Ovidio analemba: "Pano panali dzina la Eliécer. Ndaika langa mongoyembekezera." Eliécer palibe akumudziwa, kupatula mayi wosesa, amene nditawafunsa anangochita chizindikiro cha mtanda.

Kuno Lachisanu sititumiza kanthu, ndi lamulo. Lachisanu lapitali ndinali kwa dokotala wa mano, kukamwa kuli yasa. Nditabwerera, mnzanga Yeison akuti, "Iwe mfiti, wavomereza bwanji uli pampando wa dokotala?"

Pakompyuta panalembedwa kuti "Wilfrido wavomereza." Zimene zinatumizidwazo zinakonza cholakwika chimene ine ndinali ndisanachione n'komwe. Lolemba ndinapeza kakapu ka khofi padesiki panga, kotentha. Onse akukana.

Doña Marleny akuti ndine katswiri, ndipo sakunama. Dzina langalo ndikalichotsa, ntchito yanga yatha, choncho ndalisiya, mongoyembekezera.

Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti ndanenepa ngati nkhumba ya Khirisimasi. Kalatayi musawawerengere. Mukapita ku Misa mukandiyatsireko kandulo, yaing'ono chabe. Za mano awiri zija ndanama, achemwali. Don Ovidio anamwalira ali ndi zaka 38, zomwe ndikwanitse mwezi wamawa.

Ndine mlongo wanu,
Wilfrido