Nsimbi ya Yotamu

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Kanyama tilipo, kungoti mvula yatichita zomwe zija, madzi mpaka m'nyumba. Ndinachira mwana wamkazi ndipo ndamutcha dzina lanu, Tikambenji. Pakamwa ndi inu ndithu, akayamba satha. Chimanga chakuseri kwa nyumba a boma anachitchetcha chisanakhwime, ati chimabisa akuba. Ufa ndi wapamzere, ndipo pamzerepo ndi zigongono ndi zikwapu.

Koma chimene ndakulemberani ndi Yotamu, mwana wanu wotsiriza.

Mukukumbuka mmene munkamuyezera? Atasowa malo a Fomu Wani, m'mawa uliwonse ankaika makala m'nsimbi, kusita malaya ake oyera aja, n'kukaima pazipata za mafakitale, ati adzakhala makanika. Madzulo ankabwera mbuu, ntchito osaipeza. Inu munkati, "Musamufunse zamumtima, mverani nsimbi. Ikalira m'mawa, mwanayo mawa lake akadali nalo."

Titakuikani, nsimbi inalirabe mpaka dzinja. Kenako inazizira. Ndinaipeza pansi pa bedi, mphemvu zitaisandutsa nyumba. Mwini wake anali atalowa gulu la anyamata a chipani, aja amaima pakhomo la msika kufunsa khadi. Wopanda khadi, mbama. Woyankha, lamba. Ankabwera akununkha kachasu, zala zili zotupa ndi kumenya anthu. Nditamudzudzula anandikankhira kukhoma, mimba ili apo, ndinadziluma lilime mpaka kulavula magazi. Ndinamuda, Amayi, sindikubisirani.

Nthawi yomweyo kunabwera ana a sukulu yapamwamba, ati akuyeza chiyembekezo cha achinyamata amene sali pasukulu kapena pantchito. Kuyeza ngati ndi mafuta ophikira! Wina wamagalasi anafunsa Yotamu ntchito imene akuyembekeza kudzagwira m'tsogolo. Funso lokhalo basi. Yotamu anamusasantha chibakera pamphuno, magalasi phwaa, n'kumupondaponda m'matope anzake akuseka. Kaya mwana wa eni uja anakanena zotani kusukulu kwawo. Akanafika kwa ine, ndikanangomuonetsa pansi pa bedi.

Ndiye linafika tsiku la Ba Mulenga, mnzanu wogulitsa kapenta, yemwe uja anasambitsa thupi lanu. Khadi anaiwala kunyumba. Yotamu anamenya theche beseni lawo, kapenta yense m'matope. Iwo atamutchula dzina lake laubwana, anawakwapula ndi chitsulo cha lamba pamphumi. Apo msika wonse unadzuka. Azimayi amene anakhala akumeza mbama zija anatola nkhuni, miyala, miyendo ya mabenchi. Anzake a Yotamu anathawa onse, popanda ngakhale mmodzi wocheuka.

Ndinathamanga khanda lili kumbuyo. Ndinamupeza m'ngalande, mano ali pansi, dzanja lamanja atalitswanya ndi mwala, bambo wina atakweza njerwa kuti amalize. Amene anamugwera pamwamba ndi Ba Mulenga omwewo, magazi ali chuchuchu kumaso. Anati, "Uyu ni mwana wa Ba Tikambenji. Mupaye ine poyamba." Njerwa ija inatsika. Munamupulumutsa ndinu, Amayi, muli m'manda.

Kuchipatala anamumanga dzanja lija, koma ati zala zina sizidzapindanso. Makanika wanji wa zala zouma? Atabwera kunyumba anagona choyang'ana kukhoma, osadya, osayankhula. Ndinachita mantha. Ndinabisa chingwe choyanikira, mankhwala a makoswe ndinataya m'chimbudzi. Mkwiyo wanga uja unathera pomwepo, ndinkangofuna mlongo wanga asafe.

Dzulo nzeru zitandithera ndinatulutsa nsimbi, ndinaikwecha ndi mchenga n'kuthiramo makala. Malaya aja ndinawapeza m'katoni, atachita chikasu. Inu mukudziwa kuti kusita sindinakutengereni. Ndinayalula bulangete pansi, pafupi ndi pamene wagona, ndipo posakhalitsa kolala ndinaiwotcha, fungo nyumba yonse. Ndinangomva bedi kwetche. Anatembenuka, anayang'ana malaya, n'kunena ndi m'kamwa mwake mopanda mano muja:

"Ba sisi, mwaononga. Siyani vinthu vanga, mawa nizasita neka."

Ndinatuluka panja kukalira, kuti asandione.

Pamene ndikulemba pano nsimbi ikulira, Amayi. Ikulira mopotoka, chifukwa akusita ndi dzanja lamanzere, ndipo wadziwotcha kale pachigongono n'kutukwana. Ntchito kulibe, zipata zija ndi zotsekabe, sindikunamizani. Ndamuuza kuti akavala malayawo, khomo loyamba kukaima ndi la Ba Mulenga. Wangopitiriza kusita, koma sanakane.

Gonani bwino. Ndikulonjeza kuti ngakhale ufa usowe, makala a nsimbi m'nyumba muno sadzasowa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Misozi