Sitiika Wotchi pa Khodi ya Abwana

Lolemba, 9 Juni

Pulogalamu yathu yogulitsira matikiti a basi yayamba ulesi. Ukadina pogula, umatha kukathira tiyi n'kubwerako isanayankhe. Abwana ati: "Palibe wopuma Loweruka mpaka ithamange." Loweruka lomwelo mayi a kunyumba akulandira digiri yawo. Suti ndinachapitsa kale. Ndikapanda kuoneka, ndizigona pakhonde mpaka chaka chithe.

Lachiwiri, 10 Juni

Nzeru za ku koleji: ika kawotchi polowera ndi potulukira pa kachigawo ka khodi, malangizo oyendetsa pulogalamu, uone amene akudya nthawi. Ndaika paliponse, ngakhale pa tizigawo tongophatikiza manambala awiri. Ulesi watha ndithu. Pulogalamu yakomoka. M'malo moyenda, ikungolemba malipoti a mmene ikuyendera. Disiki yadzaza. Abusa, mnzanga wa desiki yoyandikana amene amalalikira pa chilichonse, ati: "Achimwene, pamsewu wanuwu apolisi achuluka kuposa magalimoto."

Lachitatu, 11 Juni

Tsiku lochotsa apolisi. Tizigawo ting'onoting'ono ndatimasula. Mawotchi atsala pa zikuluzikulu: kufufuza mabasi, kulipira, kusindikiza tikiti. Chigawo chosankha mipando sindinachikhudze. Anachilemba abwana ndi manja awo kampani ikuyamba, ndipo muno sitiika wotchi pa khodi ya munthu wamkulu. Palibe anatiletsa, timangodziwa. Nsapato za Loweruka zikundithina, koma ndizivala.

Lachinayi, 12 Juni

Chithunzi cha ulendo wa tikiti chatuluka. Chigawo chilichonse ndi kamzere kake, tonse tatifupi, ana omvera. Koma pakati pali mpata woyera mbee, wotalika kuposa timizere tonse pamodzi. Pamene sindinayeze paja. Ulemu wanga waonekera pa sikirini! Abusa anayang'ana, nayang'ana chitseko cha abwana, n'kuti: "Lero ndilibe uthenga." Mayi atumiza funso: taye yofiira kapena yabuluu? Sindinayankhe.

Lachisanu, 13 Juni

Ndinalowa ndi laputopu ngati wokapepesa. Ndinayamba ndi kuyamikira timizere tatifupi, kamodzikamodzi. Abwana sanamvere, chala chinapita pa mpata. "Apa bwanji sunayeze?" Ndinati ulemu, bwana. Anaseka mpaka kutsokomola. "Ulemu? Khodi imeneyo ndinailemba ndili ndi tsitsi! Kasitomala sakwera ulemu." Kenako: "Wamisala ndi mwana wanga, ndimumanga ndekha. Iwe pita ku mwambo wa digiri mawa."

Taye yabuluu.

Loweruka, 14 Juni

Muholo, mzere wakumbuyo, kope lolembamo izi pabondo. Nsapato zikuluma. Foni yanjenjemera. Abwana, ali okha ku ofesi: "Kodi timawotchi tija mumatiika bwanji?" Ndinayamba kulemba yankho, ulemu ukundikokanso. Ayi. Adikire, aphunzire mmene kasitomala amamvera. Mzere wa mayi waimirira, chipewa chawapendekeka, akundifunafuna ndi maso, ndiimirire pa mpando andione