Kapulana ya a Filomena

Amayi, kaya muli bwanji kumeneko? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ukukana kukhala pansi.

Tinabwerera kwathu. Nkhondo itatha tinawoloka malire pa Entre Lagos, mitolo ili kumutu, inu n'kukusiyani m'manda a ku Malawi. Ku Amaramba pamene panali nyumba yathu tinapezapo tchire, ndiye amuna anga, bambo a Juliyo, amanga ina chakumtunda. Chimanga chayesetsa, koma chinangwa nguluwe sizikuchipatsa mpata. M'dzinja ndinabereka mwana wamkazi, zala zazitali ngati zanu.

Ndikuzungulira, Amayi. Nkhani ndi iyi.

Pa Pasaka tinapemphera panja poti tchalitchi chilibe denga. Ife obwera ku Malawi tinatchena makapulana ofanana, zitenje zija, n'kukhala kutsogolo. Ambiri amene sanathawe nkhondo anakhala kumbuyo chifukwa chosowa zovala. Misa ili m'kati, panabwera agogo ena atavala chiguduli chomanga ndi luzi, mapazi ali ming'alu yokhayokha. Anakhala pamphasa panga n'kumandiyang'anitsitsa. Ine ndinakoka kapulana yanga kuti isawakhudze, ndipo ndinawanong'oneza kuti, "Agogo, kumbuyoko malo aliko." Iwo anati, "Pepani mayi," n'kudzuka. Ine ndinapitiriza kuimba, mawu okweza ndithu.

Paja munkati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinkayesa mukunena anthu ena.

Mukukumbuka tsiku lomwe tinathawa, mfuti zikulira, abambo atagwa m'munda wa chinangwa. Sitinawaike. Munamwalira mukudandaulabe kuti mwina anadyedwa ndi afisi. Chibwerere ndakhala ndikufunsa aliyense, mpaka akatekista anandiuza kuti, "Pitani kwa a Filomena, kutsidya kwa dambo." Dzinalo ndinalidziwa. Ndi anzanu aja munkawamba nawo nsomba, onenepa aja, oseka mpaka misozi.

Nditafika ndinaodira. Amene anatuluka m'kachisakasa ndi agogo a chiguduli aja.

Sananene kanthu za ku Misa. Ananditsogolera mpaka pansi pa mtengo wa masuku, pamene pali mtumbira wolambulidwa bwino, wozingidwa ndi miyala. Anati, "Asilikali atachoka ndinatuluka m'bango, ndinawapeza. Ndinakumba ndekha masiku awiri ndi khasu lothyoka. Munthu saikidwa ngati galu, ndiye ndinawakulunga m'kapulana yanga."

Ndinafunsa ngati anali ndi ina. Anangoyang'ana chiguduli chawo n'kumwetulira. Kenako anati, "Tsiku lija ndinaona nkhope ya amako pa iwe, Tereza. Ndinabwera kuti ndikuuze kumene agona abambo ako."

Ndinagwada pomwepo, ndinawagwira mapazi aja ndinkanyansidwa nawo, n'kulira ngati mwana. Ndinati andikhululukire. Iwo anati, "Dzuka, mwana akulira kumsanako. Ukadakhala woyamba kundithamangitsa, bwenzi zitandiwawa."

Mawu amenewa ndi amene akundisowetsa mtendere. Akadandikalipira, bwenzi nditapepukidwa. Ndikagwira khasu ndimalima mizere iwiri n'kuima. Ndikayamba kusinja ndimaiwala kuti musi uli m'manja. Bambo a Juliyo akuti ndisadzizunze poti sindinawazindikire. Koma Amayi, akadakhala kuti si a Filomena, akadakhala agogo wamba osaika m'manda abambo a munthu, kodi zomwe ndinachitazo zikadakhala bwino? Mulungu anaona dzanja langa likukoka nsalu ija, ndipo pakamwa pomwepo ndinalandira mgonero.

Ndinawapititsira makapulana awiri. Analandira ndi manja awiri, koma Lamulungu lotsatira ndinaona imodzi yavalidwa ndi mayi wina woyembekezera wa kutsidya komweko. Ndinayamba kupsa mtima, kenako ndinadzigwira. Ndinazindikira kuti ndimafuna anthu aone kuti ndawaveka ndine. Nyerere zija sizinathe.

Inu simunkadziwa kuwerenga, komabe munkati pemphero la munthu limaoneka pa mmene walandirira mlendo wanjala. Kumsasa wa othawa nkhondo kuja munkagawa ufa wathu wochepa uja, ine n'kumanyinyirika. Ndimaganiza kuti ndinatengera inu, koma ndinangotengera nkhope.

Ngati mwaonana ndi abambo, dziwani kuti thupi lawo linagona bwino, pamthunzi. Lekani kudandaula.

Munda wa a Filomena wagonja ndi udzu, ndipo msana wawo sukulolanso kuwerama. Sindinawauze kuti ndibwera, ndipo sindiuza aliyense kutchalitchi. Mawa ndibereka mwana kumsana, nditenga khasu, ndiwoloka dambo. Ndikukulonjezani kuti sindileka mpaka mzere womaliza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tereza