Waya wodutsa msewu

Amalume Che Saidi,

Landirani moni wa ku Namwera. Ife tilipo, kungotopa basi. Ndikhulupirira kuti chifuwa chanu chija chinaleka kumeneko ku Bulawayo.

Chigayo munandisiyira chija chikuyendabe. Chaka chatha ndinalemba ntchito Lourenco, makaniko wothawa nkhondo ku Mozambiki. Iye anamangirira dayinamo yopangira magetsi ku injini, ndipo tinakoka waya kudutsa msewu mpaka kwa azamba, kuti azimayi asamachirire pa koloboyi.

Sabata yatha kunabwera akuluakulu oona za magetsi. Akuti kuyatsa m'chigayo mwanga si mlandu, koma waya ukangodutsa msewu ndiye kuti ndikugawa magetsi, ndipo zimenezo zimafuna chilolezo. Ndinafunsa kuti, "Nanga mapolo anu adzafika liti kuno?" Wamkulu wawo anati, "Bambo, zimenezo si za ofesi yathu." Anadula wayawo, kuupinda bwinobwino, n'kundipatsa m'manja.

Asananyamuke anafunsanso kuti analumikiza ndani, nanga bwanji munthuyo sakhala ku kampu ya othawa nkhondo. Chichokereni iwo, Lourenco sitinamuonenso. Njinga yake ikadali pakhonde.

Mlongo wanga Asiyatu sakudya, amangokhalira kuyang'ana msewu wa ku Chiponde, kumalire a Mozambiki. Nkhani yake ndi yofuna inu eni mbumba, ine sindingailembe m'kalata. Bwerani mvula isanagwe, ndipo mutigulire nyali yabwino yagalasi. Pofika Januwale tidzaifuna kwa azamba.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Bashiru